Mawu awiri m'wailesi imodzi: chimene chimasokoneza AM pafupi ndi milongoti komanso usiku

Pali dandaulo limene silitha chaka ndi chaka, makamaka mvula ikayandikira. Munthu waweruka kumunda, wasamba, wakhala pakhonde kudikira nkhani za madzulo. Akufuna amve ngati mvula yobzalira ili pafupi, kapena kuti mtengo wa soya ndi fodya wafika pati. Nkhani zitangoyamba, pansi pa mawu a muulutsi pakumveka munthu wina akulankhula chinenero chachilendo. Kenaka kakumveka kalikhweru kopyoza m'khutu, kenaka mawu onse awiri akumira ngati agwera m'chitsime.

Amene amakhala pafupi ndi mlongoti woulutsira mawu, vuto lawo ndi lina. Kulikonse kumene angasunthire kasingano, akumva siteshoni imodzi yomweyo, ngati kuti dziko lonse latsala ndi muulutsi mmodzi.

Ena amaganiza kuti wailesi yafa, n'kukagula ina kumsika, koma yatsopanoyo n'kuchita chimodzimodzi. Ena amati anthu a tsidya lina la malire akutitsekera dala. Kawirikawiri zonse ziwirizi si zoona. Kusokonezana kwa masiteshoni a AM kuli ndi magwero angapo, ndipo gwero lililonse lili ndi mankhwala ake. Mukadziwa kusiyanitsa, mavuto ena mukhoza kuwathetsa nokha pakhomo osataya ndalama, ndipo ena mudziwa kokawanena.

Nkhaniyi si yachibwana. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anagwetsa mlatho wa pa mtsinje wa Revúboè pakati pa Tete ndi Moatize. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy analowera cha ku Quelimane n'kukafika kum'mwera kwa Malawi. Pa nthawi ngati zimenezi magetsi amathima, netiweki ya foni imasowa, ndipo chotsala ndi kawailesi ka mabatire. Chenjezo likafika litasakanikirana ndi mawu ena, munthu sadziwa ngati mtsinje watchulidwawo ndi wakwawo kapena wa kwina.

M'nkhani ino, tikati wailesi tikunena kachipangizo kamene muli nako m'nyumba. Tikati siteshoni tikunena amene akuulutsa mawuwo.

Mlengalenga munagawidwa ngati minda

Pa wailesi yanu pali mbali yolembedwa AM kapena MW. Pa Chipwitikizi amati onda média. Manambala ake amayambira cha pa 530 n'kukathera cha pa 1600, ndipo amawerengedwa mu kHz. Nambala ya siteshoni imasonyeza kuchuluka kwa mafunde amene makina ake amatulutsa pa sekondi imodzi. Siteshoni ya pa 1000 kHz imatulutsa mafunde 1,000,000 pa sekondi.

Malo amenewa ndi ochepa, choncho mayiko anachita kugawana. Mu 1975 kunachitika msonkhano ku Geneva, pansi pa bungwe loona za mauthenga padziko lonse la ITU, umene unakonza dongosolo la mayiko a mu Africa, Ulaya ndi Asia. Dongosololi linayamba kugwira ntchito pa 23 Novembala 1978. Anagwirizana kuti manambala azitalikirana ndi 9 kHz: 531, 540, 549, mpaka 1602. Mukawerenga bwino mupeza malo 120 okha. Masiteshoni ndi ambiri kuposa pamenepo, ndiye nambala imodzi imapatsidwa kwa masiteshoni angapo, bola akhale m'madera otalikirana, ndipo aliyense amauzidwa mphamvu imene asapyole.

Tiyerekeze ndi minda yogundizana malire. Aliyense ali ndi gawo lake, koma dzungu silidziwa malire: limayanga n'kukabereka m'munda mwa mnzako. Siteshoni nayo siima pa nambala yake yokha ngati chikhomo. Mawu ndi nyimbo zimatambalala mbali zonse ziwiri za nambalayo. Oulutsa akakweza mawu mopyola muyeso m'makina mwawo, kutambalalako kumakula, ndipo womvera siteshoni yoyandikana nayo amamva kuthetheka kumene kumatsatira kugunda kwa nyimbo za mnzakeyo.

M'dera lathu lino zitsanzo zilipo. Kwa zaka zambiri MBC inkamveka pa 756 kuchokera ku Blantyre, pamene Rádio Moçambique ya ku Nampula imamveka pa 765. Kusiyana kwake ndi 9 basi, ndipo munthu wa ku Milange amakhala pakati pa awiriwa. Momwemonso siteshoni ya ku Quelimane, pa 1179, inagundizana malire ndi Trans World Radio ya ku Eswatini, pa 1170. Masiteshoni awiri otere akafika m'wailesi imodzi ndi mphamvu zofananako, kusiyana kwa 9 kHz kuja kumasanduka kalikhweru kosatha kamene tatchula kaja.

Mwina mudabwa kuti bwanji pa FM zoterezi sizichuluka. AM imanyamula mawu pokweza ndi kutsitsa mphamvu ya funde, choncho chilichonse chowonjezera mphamvu panjira chimamveka, ngakhale siteshoni yofooka kwambiri. Pa FM, siteshoni yamphamvu imameza yofooka, ndipo mumamva imodzi. Koma FM imayenda pafupifupi molunjika ngati kuwala kwa tochi, phiri likatchinga yathera pomwepo. AM imakwawa ndi nthaka, kukwera zitunda ndi kutsikira m'zigwa za ku Macanga, Chifunde ndi Marávia kumene FM siifika. Walira mvula walira matope: mphamvu yofika kutali ndi yomweyonso imene imatibweretsera alendo osawaitana.

Mlongoti wa AM si wofanana ndi wa foni

Pa mlongoti wa foni kapena wa FM, chitsulo chachitalicho ndi chonyamulira chabe. Zoulutsa zenizeni ndi tizipangizo tomangidwa pamwamba. Pa AM, kawirikawiri mlongoti wonsewo, kuyambira pansi mpaka kunsonga, ndiwo umaulutsa. N'chifukwa chake yambiri imakhazikidwa pa chotchinga magetsi chopangidwa ndi dongo lowotcha, kuti chitsulo chisakhudze nthaka, ndipo zingwe zachitsulo zoukoka zimakhala ndi zotchinga zotere m'malo angapo.

Kutalika kwake kumayenderana ndi nambala. Funde limodzi la pa 1000 kHz ndi lotalika mamita 300, ndipo mlongoti wodziwika bwino umakhala gawo limodzi mwa magawo anayi a funde, kutanthauza mamita 75. Nambala ikakhala yaing'ono, funde limatalika, mlongoti nawo umatalika.

Koma chimene mumachiona ndi theka chabe. Theka lina lili m'nthaka. Kuchokera patsinde pa mlongoti pamayalidwa mawaya a kopa, kawirikawiri 120, olowera mbali zonse ngati masipoko a njinga, okwiriridwa mosazama, mwina kuya kwa chikhatho chimodzi. Waya aliyense amatalika pafupifupi ngati mlongotiwo kapena kuposerapo. Pa mlongoti wa mamita 75, mawayawa amatenga malo oyandikira mahekitala awiri. Bwalo looneka ngati lagonera lija, limene ena amalisirira kuti akanabzalapo chimanga, lili pantchito usana ndi usiku.

Mukakhala pafupi ndi mlongoti

Mphamvu ya mafunde imachepa ndi mtunda. Pafupi ndi mlongoti, mtunda ukawirikiza kawiri mphamvu imatsika ndi theka, ndipo kutali imatsika msanga kuposa pamenepo chifukwa nthaka imamwako. Munthu wokhala kilomita imodzi kuchokera pa mlongoti amalandira mafunde amphamvu kuposa ka 100 poyerekeza ndi amene ali pa makilomita 100.

Wailesi inapangidwa kuti izitola timawu tofooka tochokera kutali. Ikalandira mphamvu yochuluka chonchi imalemedwa, monga khutu la munthu woimirira pafupi ndi chigayo, amene sangamve mnzake akumunong'oneza. Zotsatira zake zimaoneka m'njira zingapo.

Njira yoyamba, siteshoni yapafupiyo imafalikira pa malo aakulu, n'kukwirira masiteshoni onse oyandikana nayo. Njira yachiwiri, mumaipeza bwinobwino siteshoni yakutali imene mukufuna, koma mawu a siteshoni yapafupi akumveka atakwera pamsana pake. Mukasuntha kasingano kupita pamalo opanda siteshoni, onse awiri amasowa. Apa kusakanizako kwachitikira m'kati mwa wailesi yanu momwemo, osati mlengalenga.

Njira yachitatu ndi ya chithunzithunzi. Mawailesi ambiri ang'onoang'ono amayamba asandutsa siteshoni iliyonse kukhala pa 455 kHz m'kati mwawo asanatulutse mawu. Chifukwa cha kapangidwe kameneka, siteshoni yamphamvu imatha kuonekeranso pamalo ena otsika ndi 910. Mwachitsanzo, siteshoni ya pa 1458 ikhoza kumvekanso cha pa 548, pamene palibe aliyense akuulutsira pamenepo. Wailesi yosefa bwino imachikana chithunzithunzichi, koma yotchipa imachilola.

Njira yachinayi, makina alionse oulutsira amatulutsako mphamvu pang'ono pa nambala yowirikiza kawiri kapena katatu. Siteshoni ya pa 603 imasiya kamthunzi pa 1206. Malamulo amafuna kuti kamthunzika kasefedwe mpaka kakhale kofooka zedi, ndipo patali sikamveka. Koma pafupi ndi mlongoti kakhoza kumveka, ndiponso wailesi yolemedwa imatha kukapanga yokha.

Milongoti iwiri ikayandikana

Nthawi zina masiteshoni awiri amamanga milongoti pamalo amodzi, kapenanso kugwiritsa ntchito mlongoti umodzi pofuna kuchepetsa ndalama. Izi n'zololedwa, koma zimafuna masefa abwino. Mlongoti umene umaulutsa umathanso kulandira. Mafunde a siteshoni yoyamba amalowa mu mlongoti wa yachiwiri, n'kutsika mpaka m'makina ake. M'menemo awiriwa amasakanikirana n'kubala manambala atsopano amene palibe anawapempha.

Masamu ake ndi osavuta. Tiyerekeze siteshoni ina ili pa 900, ina pa 990. Wirikizani 990 kawiri, mupeza 1980, chotsanipo 900, patsala 1080. Wirikizaninso 900 kawiri, mupeza 1800, chotsanipo 990, patsala 810. Ndiye kuti pa 1080 ndi pa 810 pakhoza kumveka masiteshoni awiri aja akulankhulira pamodzi. Ngati pa manambala amenewo pali siteshoni yachitatu imene inu mumaikonda, yalowereredwa m'munda popanda kulakwa kwake.

Kusakaniza kotereku kukachitikira m'makina oulutsira, kumamveka m'wailesi iliyonse, yodula ndi yotchipa yomwe, ngakhale patali ndithu. Womvera sangachitepo kanthu. Ndi ntchito ya amisiri a masiteshoniwo kuika kapena kukonza masefa amene amalola nambala ya mwini kutuluka koma kukaniza ya mnzake kulowa.

Palinso vuto la zitsulo zazitali zimene si za wailesi. Mlongoti wa foni, nsanja ya mawaya a magetsi kapena thanki ya madzi yokwezedwa pa zitsulo, zikamangidwa pafupi ndi mlongoti wa AM ndipo kutalika kwake kukayandikira gawo lachinayi la funde, zimatola mafunde n'kuwaulutsanso. Zikatero mudzi wina umayamba kumva mofooka pamene kale unkamva bwino, ndipo mphamvu ina imalowera kumene sinayenera kupita. Amisiri ali ndi njira yomangira mawaya ndi zipangizo pa chitsulo choterocho kuti chisamayankhe. N'chifukwa chake omanga milongoti yatsopano amayenera kukambirana ndi siteshoni asanakumbe maziko.

Dzimbiri nalo limasakaniza mawu

Ichi ambiri sachikhulupirira akangochimva. Pamene zitsulo ziwiri zakhudzana ndipo pakati pake pali dzimbiri, malowo amalola magetsi kudutsa mosavuta mbali imodzi kusiyana ndi inayo. Kachipangizo kotere ndi komwe kamatulutsa mawu m'wailesi ya AM. Choncho pafupi ndi mlongoti wamphamvu, malata akale okhomedwa ndi misomali yadzimbiri, mpanda wa waya waminga, waya woyanikapo zovala kapena ngalande yachitsulo ya padenga, zikhoza kutola masiteshoni awiri, kuwasakaniza, n'kuwamwaza pabwalo panu.

Chizindikiro chake n'chakuti vutolo limasinthasintha. Mphepo ikagwedeza malata limabwera ndi kupita. Mvula ikanyowetsa denga limasintha. Mukachoka ndi wailesi kupita pamtetete, kutali ndi nyumba ndi mpanda, limachepa kapena kutheratu.

Zimkuzamawu za kutchalitchi, kumzikiti ndi kusukulu nazo zimagwidwa ndi matenda omwewa. Mawaya aatali opita ku masipika amatola mafunde, ndipo nkhani za pa wailesi zimamveka pakati pa mapemphero. Si zamatsenga ayi. Kufupikitsa mawaya, kuwapota awiriawiri, ndi kulumikiza bwino pamene anangopiringizidwa ndi manja kumathandiza kwambiri.

Dzuwa likalowa, malire amafufutika

Vuto la anthu okhala kutali ndi mlongoti limayamba madzulo. Masana mafunde a AM amene amatifika ndi okwawa ndi nthaka okha. Amene amapita m'mwamba amamwedwa ndi mpweya wa pa mtunda wa makilomita 60 mpaka 90 kuchokera pansi, umene dzuwa limausandutsa ngati chinkhupule cha mafunde. Dzuwa likalowa chinkhupulecho chimatha mphamvu. Mafunde amakwera mpaka cha pa makilomita 100 ndi kupitirira, m'dera limene akatswiri amalitcha ionosphere, n'kubwezedwa pansi, kukagwera pa mtunda wa makilomita mazanamazana, nthawi zina kupyola 1,000.

Apa ndiye kuti masiteshoni amene anapatsidwa nambala imodzi chifukwa chotalikirana amakumana m'wailesi mwanu. Mumamva zinenero zimene masana simuzimva, ndipo mawu amasinthana, uyu akakwera uyo watsika. Miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi, pamene usiku ndi wautali ndipo ziphaliwali n'zochepa, alendowa amamveka bwino kwambiri.

Siteshoni imathanso kudzisokoneza yokha. Kumadera ena funde lokwawa ndi nthaka limafika pamodzi ndi funde la siteshoni yomweyo lobwerera kuchokera kumwamba. Awiriwa ayenda mitunda yosiyana, choncho nthawi zina amathandizana, nthawi zina amafafanizana. Mawu amakwera, kutsika ndi kuphwanyika ngati munthu akulankhulira m'chitini. Izi si mabatire, ndipo si kulakwa kwa muulutsi.

Kumwambako nakonso kusakaniza kumachitika. Mu 1933 katswiri wina wa ku Eindhoven, m'dziko la Netherlands, dzina lake Bernard Tellegen, ankamvera siteshoni ya Beromünster ya ku Switzerland, koma pansi pake ankamva Radio Luxembourg, imene nambala yake inali kutali kwambiri. Kunapezeka kuti makina amphamvu a ku Luxembourg ankatenthetsa mpweya wa kumwamba motsatira mawu awo, ndipo mafunde a ku Switzerland podutsa pamenepo ankatengako mawuwo. Zoterezi zimafuna makina amphamvu zedi ndipo sizichitika kawirikawiri, koma zikutiphunzitsa kuti mawu awiri akhoza kusakanikirana popanda munthu wochitira mnzake chipongwe.

Phokoso limene si la siteshoni ina

Tisanaloze chala masiteshoni, tiyang'anenso m'nyumba mwathu. Masiku ano makomo ambiri a m'malire ali ndi sola. Kabokosi kosandutsa magetsi a batire kukhala a m'nyumba, matchaja otchipa a foni ndi mababu ena a LED amatulutsa phokoso lolira ngati njuchi pa AM ponse. Njinga yamoto ikamadutsa, wailesi imathetheka motsatira kulira kwa injini. Mota wa chigayo, makina owotcherera zitsulo ndi mawaya a magetsi olumikizidwa molobodoka amachitanso chimodzimodzi. Nyengo ya mvula, chiphaliwali chilichonse, ngakhale chakutali chimene simunachione, chimamveka ngati kuthyoka kwa nkhuni.

Kusiyanitsa kwake n'kosavuta: phokoso lotere lilibe mawu a munthu kapena nyimbo m'kati mwake.

Mafunso asanu oti mudzifunse

Loyamba: vutoli limabwera nthawi yanji? Likakhala la usiku wokha, gwero lake ndi mafunde akutali obwerera kuchokera kumwamba. Likakhala la usana ndi usiku mofanana, yang'anani pafupi: mlongoti, dzimbiri kapena zamagetsi za m'nyumba.

Lachiwiri: mukatembenuza wailesi chimachitika n'chiyani? Ndodo yonyezimira yokoka ija imagwira ntchito pa FM ndi pa SW. Pa AM wailesi imamvera kandodo kakuda kokulungidwa ndi waya, kamene kanagonekedwa m'kati motsata utali wa wailesiyo. Kandodoka kamamva kwambiri siteshoni imene ili kumaso kapena kumbuyo kwa wailesi, ndipo kamagontha ku siteshoni imene nsonga yake yaloza. Ikani wailesi pathebulo, itembenuzeni pang'onopang'ono osaiimika, mpaka mbali yake yopapatiza iloze kumene kukuchokera wosokonezayo. Pamalo ena ake mudzamva akuzimirira. Njirayi ndi yaulere ndipo imathandiza pafupi ndi mlongoti ngakhalenso usiku. Imalephera pokhapo pamene masiteshoni awiriwo ali pa mzere umodzi ndi nyumba yanu.

Lachitatu: mukatuluka nayo panja, mamita 50 kapena 100 kuchoka pa malata ndi mpanda, vuto likadalipo? Likatha, gwero lili pakhomo. Thimitsani sola, zulani matchaja mmodzimmodzi, gwedezani waya wa mpanda uku mukumvetsera. Mukapeza cholumikizira chadzimbiri, chipaleni n'kuchimanga zolimba, kapena lekanitsani zitsulozo zisakhudzane.

Lachinayi: wailesi ya mnzanu, ya mtundu wina, ikuchitanso chimodzimodzi pamalo omwewo? Ngati yake ikumveka bwino, ndiye kuti yanu ndi imene ikulemedwa. Onani mabatire, chifukwa akafooka mawu amaphwanyika ndipo wailesi siigwira bwino ntchito. Ngati pali kabatani kolembedwa DX ndi LOCAL, okhala pafupi ndi mlongoti aike pa LOCAL. Ndipo musamangirire waya wautali ku wailesi mukakhala pafupi ndi mlongoti: kumeneko n'kuthira madzi mumtsuko wodzaza kale. Wayayo amathandiza okhala kutali, koma azichotsedwa kukamachita ziphaliwali.

Lachisanu: kodi mudzi wonse ukumva zofanana, pa nambala imodzimodzi, masiku angapo otsatizana? Ngati ndi choncho, nkhaniyo yaposa pakhomo, ndipo iyenera kukafika kwa amisiri.

Pogula wailesi, iyeseni pa AM pomwepo musanapereke ndalama, ndipo onani ngati ikutha kulekanitsa masiteshoni oyandikana. Kumbukiraninso kuti mafoni ambiri okhala ndi wailesi amagwira FM yokha. Foni siilowa m'malo mwa kawailesi ka mabatire pa tsiku la tsoka.

Pempho kwa olima pafupi ndi milongoti

Mawaya a m'nthaka aja akadulidwa, siteshoni imafooka. Mphamvu imene ikanafika kumidzi yakutali imathera kutenthetsa dothi. Wokhala pafupi sazindikira kanthu, chifukwa kwa iye mawu akadali okwera. Wovutika ndi mlimi wa kumalire, amene siteshoni yakwawo ikafooka, masiteshoni akunja amaikwirira msanga dzuwa likangolowa. Khasu limodzi kapena pulawo ya ng'ombe yolowa m'bwalo la mlongoti ikhoza kutseka makutu a anthu okhala pa makilomita ambirimbiri. Wofukula kopa kukagulitsa kwa ogula zitsulo amapeza ndalama ya tsiku limodzi, koma walanda chenjezo la chigumula kwa maboma athunthu.

Moto nawonso ndi mdani. Kutentha tchire posaka mbewa kapena pososa kumawononga zingwe zokoka mlongoti ndi zotchinga magetsi zake. Chingwe chimodzi chikaduka, mlongoti ukhoza kugwa, ndipo kuuimikanso si ntchito ya sabata imodzi. Lambulani m'malire mwa munda wanu musanayatse moto.

Chinanso ndi moyo wanu. Poti mlongoti wonse uli ndi magetsi pamene siteshoni ikuulutsa, kuukhudza kumawotcha mnofu mpaka m'kati ndipo kukhoza kupha. Mpanda wozungulira tsinde lake suli pamenepo chifukwa cha akuba okha. Ana asakwere, abusa asamangirire mbuzi kapena ng'ombe pa zingwe zake, ndipo musamange nyumba, khola kapena chigafa cha fodya m'kati mwa bwalo lake. Mafumu ndi atsogoleri a m'midzi, pogawa malo, tithandizeni kukumbutsa anthu zimenezi.

Kokanena, ndi zoyenera kunena

M'dziko lathu la Mozambique, bungwe logawa manambala ndi kuyang'anira kuti aliyense akhale m'malire mwake ndi INCM. Ku Malawi ntchitoyi ili m'manja mwa MACRA, ku Zambia ZICTA. Siteshoni ya dziko lina ikamasokoneza ya kuno, womvera sayenera kukangana ndi abale ake a tsidya lija pa msika wa ku Lizulu kapena ku Zóbuè. Mabungwewa ndi amene amakambirana, motsata malamulo a ITU, ndipo mankhwala ake amakhala kuchepetsa mphamvu, kukonza masefa kapena kusintha nambala.

Koma amisiri sangayeze mudzi uliwonse. Makutu awo ndinu. Mukafuna kudandaula, kunena kuti wailesi sikumveka sikukwanira. Lembani papepala zinthu izi: dzina la mudzi ndi boma, nambala imene kasingano kanali, tsiku ndi ola, ngati munamva mawu a munthu, likhweru kapena phokoso chabe, chinenero cha wosokonezayo, ndiponso dzina la siteshoni yake ngati analitchula, poti masiteshoni ambiri amadzitchula ola likakwana. Onjezani ngati munayesa kutembenuza wailesi, kutuluka nayo panja ndi kuyerekeza ndi ya mnzanu. Chitani zimenezi kwa masiku atatu kapena anayi, kenaka tumizani uthengawo kuno ku siteshoni kudzera m'mapologalamu a omvera, kapena mupatsireni mtolankhani wa m'boma lanu.

Kapepala kotere kamauza mmisiri koyambira: kumakina, ku mlongoti woyandikana nawo, kapena ku ofesi ya INCM. Mvula isanagwe chaka chino, yesani wailesi yanu masana ndi usiku, pezani pamene imamveka bwino m'nyumba mwanu, ikani chizindikiro pa nambala ya siteshoni ya chigawo chanu, ndipo sungani mabatire awiri atsopano pamalo ouma.